Ana oposa 90 m'kalasi: kodi n'zotheka kuwaphunzitsa nzeru za mumtima?

Funso: Ndimaphunzitsa Sitandade 5 pasukulu ina ya kumudzi m'boma la Dedza, ndipo m'kalasi mwanga muli ana oposa 90. Ahedi athu abwera kumene kuchokera kumaphunziro ndipo akuti tiyambe kuphunzitsa ana zomwe akuzitcha emotional intelligence. Ine sindikuona kusiyana kwake ndi ulemu umene makolo athu anatiphunzitsa. Komanso ndili ndi mnyamata wina amene sabata siitha asanamenye mnzake. Ndamukwapula, ndamupatsa chibalo, koma sakusintha. Kodi zimenezi si za azungu amene ali ndi ana 20 m'kalasi? Nanga tikayamba kufunsa ana za mumtima, sitiwalekerera?

Yankho: Aphunzitsi, pa za ulemu mwalasa, koma mwalasa theka. Agogo athu sanadikire buku kuti adziwe kuti munthu wa mtima wapachala amapasula banja, amathetsa chibale ndipo sakhalitsa pa ganyu. Mawu ake tili nawo kalekale: kuugwira mtima, kuleza mtima, chifundo, umunthu. Amene anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ankaphunzitsa zomwezi. Chatsopano ndi dzina lachingerezilo. Akatswiri awiri a ku America, Peter Salovey ndi John Mayer, ndiwo analilongosola mwadongosolo mu 1990, ndipo linayamba kumveka paliponse cha m'ma 1995. Iwo ankatanthauza luso lozindikira zimene zikuchitika mumtima mwako ndi mwa anzako, kuzisiyanitsa bwinobwino, n'kugwiritsa ntchito zimene wazindikirazo posankha chochita. Ine ndimangoti nzeru za mumtima.

Theka linalo ndi ili. Ulemu umene timauyamikira kusukulu nthawi zambiri ndi wapamaso: mwana agwade popereka kope, asayang'ane wamkulu m'maso, asayankhe. Zonsezi mwana angathe kuzichita m'kati muli moto. Mukamufunsa chimene chavuta amangoti "palibe", maso ali pansi, chala cha kuphazi chikukumba dothi. Ife n'kumati mwana wofatsa. Tsiku lina tikungomva kuti wasiya sukulu, kapena wagulula mnzake dzino pa buleki, ndiye tonse kudabwa. Tinamuphunzitsa kubisa, koma chochita ndi chimene wabisacho palibe anamuuza. Anyamata timawawonjezeranso kuti mwamuna salira, ndiye chisoni, manyazi ndi mantha zonse zimatulukira pakhomo limodzi lokha limene tawasiyira, la chibakera.

Ngati mukufuna umboni woti kuphunzitsa zimenezi kumathandiza, ulipo. Mu 2011 gulu lotsogozedwa ndi Joseph Durlak linasonkhanitsa zotsatira za mapologalamu 213 a m'masukulu, okhudza ana oposa 270,000. Ana amene anaphunzitsidwa anachepetsa ndewu ndi kusamvera, nkhawa zawo zinatsika, ndipo kumene anayeza ndi zotsatira za mayeso anapeza kuti nazonso zinakwera. Kukwerako tingakuyerekeze chonchi: mwana amene akanakhala nambala 50 pa ana 100 ankasunthira cha pa nambala 39. Anapezanso kuti aphunzitsi a m'kalasi momwemo ankatha kuigwira bwino ntchitoyi, popanda kuitana katswiri wochokera kunja. Masukulu ambiri a m'kafukufukuyo anali a ku America, ndiye manambalawo musawanyamule osasenda n'kuwaika pa Dedza.

Pali nkhani inanso imene anthu obwera kumaphunziro sakonda kuifotokoza. Dziko la England linali ndi pologalamu yaikulu yophunzitsa ana za mumtima yotchedwa SEAL, imene boma linaifalitsa m'masukulu ambirimbiri. Akatswiri a ku yunivesite ya Manchester ataiunika m'masukulu a sekondale, lipoti lawo la 2010 linati sinasinthe kwenikweni khalidwe la ana. Chifukwa china chinali choti sukulu iliyonse inkangotolapo zimene yafuna, pena kuchita, pena kusiya. Ndalama zinalipo, mabuku analipo, makalasi ang'onoang'ono analipo. Chinasowa ndi kuchita chinthu chimodzi mobwerezabwereza mpaka chizolowereke. Kwa inu nkhani imeneyi ndi yolimbikitsa, chifukwa chimene chinasowacho sichigulidwa ndi ndalama.

Kwathu kuno vuto lake ndimaliona pa piriyodi ya Life Skills. Mitu yake ndi yoyenera ndithu: kudzidziwa, kuthana ndi nkhawa, kuthetsa mikangano mwamtendere. Koma poti phunziroli limalembedwa pa mayeso a PSLCE, talisandutsa manotsi. Mwana amakopera pa bolodi njira zisanu zothetsera mkwiyo, m'Chingerezi, n'kuloweza, n'kukhoza. Belu likangolira akukamenyana kuseri kwa chimbudzi. Ndinaonapo mphunzitsi akukwapula mwana chifukwa choiwala njira yachinayi yothetsera mkwiyo, ndipo sanaone chodabwitsa chilichonse pa zimene ankachitazo. Njinga siiphunziridwa pa bolodi. Mtima nawonso umaphunzira pamene wapsa, ndipo umaphunzira m'chinenero chimene mwana amalotera.

Choncho yambirani pa mawu, ndipo akhale Achichewa. Ana ambiri a msinkhu wa Sitandade 5 ali ndi mawu atatu okha a za mumtima: "bwino", "palibe" ndi "wandiyamba". Chonsecho chinenero chathu n'cholemera kwambiri pa nkhani imeneyi. Kukwiya n'kosiyana ndi kukhumudwa. Wokhumudwa anali ndi chiyembekezo ndipo chagwa. Kuwawidwa mtima n'kwina, kumabwera munthu akaona kuti wachitiridwa zopanda chilungamo. Manyazi si mantha, ngakhale zonse zimaweramitsa mutu. Pali nsanje, pali kaduka, pali kusungulumwa, kutaya mtima, kunyansidwa, mtima kukhala m'malere, mtima kukhala m'malo. Kusiyanitsa kumeneku kuli ndi ntchito, chifukwa chilichonse chili ndi mankhwala ake. Wamanyazi amafuna kuti maso a anthu achoke pa iye. Wowawidwa mtima amafuna wina amve mbali yake. Wamantha amafuna kutsimikiziridwa kuti palibe chimugwere. Mukapatsa onsewa ndodo imodzimodzi, mwachita ngati sing'anga wa mtsitsi umodzi.

Kutchula dzina la chimene ukumva kumaziziritsa thupi, ndipo izi zinayezedwapo. Mu 2007 Matthew Lieberman ndi anzake ku yunivesite ya California ku Los Angeles anaonetsa anthu zithunzi za nkhope zokwiya ndi zamantha uku akujambula ubongo wawo. Munthu akasankha liwu lofotokoza chimene nkhopeyo ikuonetsa, kachigawo ka ubongo kotchedwa amygdala, kamene kamaliza belu la ngozi m'thupi, kankayamba kudekha. Amayi athu amachita zomwezi osadziwa dzina lake. Mwana akagwa n'kumalira, amamunyamula n'kuti "wadzidzimuka eti, pepa", ndipo kulira kumayamba kuchepa bondo likadali lofiira.

Ndi ana 90 simungafunse aliyense mmene wadzukira, ndipo musayese n'komwe. Chimene ndaona chikutheka ndi ichi. M'mawa musanaitane mayina, aliyense aike dzanja pachifuwa n'kuonetsa zala: zitatu ngati mtima uli m'malo, ziwiri ngati zili pakatikati, chimodzi ngati lero zavuta. Pachifuwa, osati m'mwamba, kuti a kumbuyo asaone. Inu mungoyendetsa maso, mphindi imodzi yakwana. Musafunse aliyense pagulu chifukwa chake. Masiku oyamba adzaseka ndipo onse adzaonetsa zitatu, musataye mtima. Pakatha masabata awiri kapena atatu mudzayamba kuona chala chimodzi apa ndi apo, ndipo nthawi zambiri chimachokera kwa mwana amene simunkamuganizira. Ameneyo mumudutse pamene ena akulemba, mumuuze chapansipansi kuti mwaona, ndipo akafuna akupezeni pa buleki. Onjezani chizolowezi cholankhula ndi ana atatu patsiku, mphindi imodzi aliyense, pa nkhani yosakhudza sukulu: mbuzi yabereka kodi, mpira unatha bwanji dzulo. Atatu patsiku ndiye kuti m'masiku 30 mwamaliza kalasi yonse, kawiri pa teremu.

Tsopano za mnyamata wanuyo. Mwanena nokha kuti ndodo ndi chibalo zakanika, ndiye palibe chimene mutaye poyesa zina. Choyamba tengani kope lakale muzilembamo ndewu iliyonse: tsiku, nthawi, wamenyedwa ndani, ndipo makamaka chimene chinachitika mphindi khumi ndewu isanayambe. Ndinathandizapo mphunzitsi wina wa mnyamata wotere, wa zaka 14 koma ali Sitandade 5 chifukwa chobwereza makalasi. Aliyense pasukulupo ankati ndi wankhanza chibadwire. Titalemba kwa mwezi umodzi tinaona kuti ndewu zake zinkagwa masiku owerenga mokweza. Akaimirira ankakakamira pa liwu, tiana ta kutsogolo n'kuyamba kunong'ona kuti "agogo alephera", kalasi yonse n'kuphulika. Iye ankakhala pansi osanena kanthu, makutu okha ali piriwiri. Pa buleki ankagwira aliyense amene wayandikira. Kwa zaka ziwiri ankalangidwa chifukwa cha mkwiyo, pamene chimene chinkamudya chinali manyazi. Mphunzitsiyo anayamba kumupatsa ndime yake dzulo lake kuti akaikonzekere, analetsa dzina lija, ndipo anamupatsa udindo wosunga mpira wa kalasi. Ndewu sizinathe tsiku limodzi, koma zinatalikirana mpaka teremu yachitatu inatha ndi imodzi yokha. Wanuyo chifukwa chake chingakhale china, njala, kumenyedwa kunyumba, kapena maliro aposachedwa. Kopelo ndilo lidzakuuzeni.

Ndewu ikabuka, dziwani kuti mwana amene mtima ukugunda ngati ng'oma samva uphungu. Mbali ya ubongo ya kumphumi, imene imagwira mabuleki, imakhwima mochedwa, mpaka munthu atapitirira zaka 20, ndipo mkwiyo ukakwera imagonja msanga. Kumufunsa nthawi imeneyo kuti "wachitiranji zimenezi" ndi kuthira madzi pa nsana wa bakha. Alekanitseni, wopwetekedwa muyambe mwamuona, womenyayo akhale pambali pamene mukumuona, amwe madzi, apume. Pakapita mphindi 15 kapena 20 mukhale naye pansi, pambali pake osati kutsogolo kwake ngati kupolisi. Funsani chimene chinachitika, mumve mpaka amalize ngakhale mukudziwa kuti akukometsa. Kenaka mubwerekeni liwu: "Ndikuona ngati unachita manyazi atakuseka, ndanama?" Akakana musaumirire. Funso lomaliza ndi loti mnzakeyo akumva bwanji tsopano, ndipo akonza bwanji zimene waononga.

Apa ndi pamene pali yankho la nkhawa yanu ya kulekerera. Mwanayo amve mawu awiri nthawi imodzi: kukwiya n'kololedwa, kumenya ayi. Chilango chikhalepo, koma chigwirizane ndi mlandu. Wang'amba malaya a mnzake, asoke. Wathyola cholembera, abweze. Wamenya pa mpira, mawa aonerere ali panja. Kukumba dzenje la zinyalala anzake akuphunzira masamu kumangomuwonjezera kutsalira, ndipo mwina kutsalirako ndiko kunayambitsa zonse. Musakakamizenso "pepani" wa nthawi yomweyo, wonenedwa mano ali gwa. Ana amadziwa kupepesa kwabodza kuposa ife, ndipo womenyedwayo amapita kwawo akudziwa kuti mlandu wake waphimbidwa.

Za ndodo ndinene mosabisa. Malamulo a zamaphunziro amailetsa, koma tonse tikudziwa kuti ikadali kuseri kwa chitseko m'makalasi ambiri, ndipo amene amaigwiritsa ntchito ambiri si anthu oipa, ndi anthu otopa. Vuto lake pa nkhani yathuyi ndi loti imaphunzitsa bwino kwambiri, koma phunziro lolakwika: wamkulu akakwiya amamenya wamng'ono. Mnyamata wanuyo phunziro limeneli analimva, ndipo akulikhoza. Amene amati sukulu za ku Africa sizingayende popanda ndodo aone za ku Uganda. Bungwe la Raising Voices linayesa njira yake m'boma la Luwero pa masukulu a pulayimale 42, theka kulandira pologalamu, theka ayi. Zotsatira zinatuluka mu 2015: m'masukulu amene sanalandire, ana 49 pa 100 alionse anati amenyedwa ndi wogwira ntchito pasukulu m'sabata yapitayo, pamene m'masukulu amene analandira anali 31 pa 100. Ndodo sinatheretu, koma inatsika kwambiri m'miyezi 18 yokha, ndipo ana sanayambe kulephera mayeso chifukwa cha zimenezo.

Ndiulule zanga. Chaka changa chachiwiri cha uphunzitsi, mwezi wina malipiro anachedwa, ngongole ya pagolosale inali itandifika m'khosi, ndipo m'mawa umenewo ndinachoka kunyumba titayambana. Mtsikana wina analowa mochedwa kachitatu sabata imeneyo. Sindinafunse. Ndinamukwapula m'manja kasanu ana onse akuona, iye osalira, kungondiyang'ana. Madzulo ake mayi wina wa komiti ya sukulu anandiuza kuti mayi a mtsikanayo agonekedwa kuchipatala, ndipo mwanayo ndiye amaphikira azing'ono ake atatu n'kukatunga madzi asanabwere. Ndinagona usiku wonse ndikutembenuka. M'mawa ndinapepesa pamaso pa kalasi, mawu akunjenjemera, ndikuopa kuti ulemu wanga watha. Sunathe. Chimene chinachitika n'choti masabata otsatira ana anayamba kubwera okha kudzandiuza zinthu, ndipo ndinamva koyamba mnyamata akuuza mnzake kuti "ndinalakwa ine" popanda womutuma. Mkwiyo wa tsiku lija sunali wa mtsikanayo, unali wa kugolosale, koma unagwera amene analibe mphamvu yobwezera.

N'chifukwa chake ndimauza aphunzitsi kuti silabasi yeniyeni ya phunziro ili ndi nkhope yawo. Mukamva kutentha kukukwera m'khosi, ikani choko pansi, nenani mokweza kuti "ndakwiya, ndipatseni kanthawi", pumani kasanu mukuyang'ana pawindo, kenaka pitirizani. Ana 90 aona ndi maso awo kuti munthu angathe kupsa mtima osapweteka wina. Ena mwa iwo sanazionepo chibadwire.

Chinanso chimene chimamanga kudziletsa kwa mwana, chomwe sitichiganizira, ndi kusunga lonjezo. Ku yunivesite ya Rochester, Celeste Kidd ndi anzake anayesa ana 28 a zaka zitatu mpaka zisanu. Ena anawalonjeza makrayoni abwino n'kubweretsadi, ena anawalonjeza n'kubwera chimanjamanja. Kenaka aliyense anamupatsa switi imodzi n'kumuuza kuti akadikira osadya alandira yachiwiri. Amene anasungiridwa lonjezo anadikira pafupifupi mphindi 12, amene ananamizidwa pafupifupi mphindi zitatu zokha. Mwana amene wakulira pomwe mawu a akulu sakwaniritsidwa sakhala wopusa akamakwatula chimene chili pafupi. Ndiye mukati Lachisanu kuli nthano, Lachisanu kukhale nthano. Mukati wobwereza kumenya sasewera mpira, asasewere, ngakhale akhale wogoletsa wa sukulu yonse. Ndipo kumbukirani kuti mwana wanjala amapsa mtima msanga monga mmene timachitira ife. Ngati pasukulu panu pali phala, yang'anani m'kope lija ngati ndewu zambiri sizikugwa phala lisanagawidwe.

Nthano ndi timasewero ndi zida zimene muli nazo kale. Pofotokoza za Kalulu ndi Fisi, imani pakati mufunse kuti Fisi akumva bwanji pamenepa, nanga akanachita chiyani china. Ana awiri asewere mkangano wa pamjigo kawiri, koyamba mmene umathera masiku onse, kachiwiri mwanjira ina imene kalasi yasankha. Chimodzi chokha chimene ndingakupempheni kuti muchotse ndi kapepala ka monitala kolemba mayina a olongolola. Kamaphunzitsa kusungirana chakukhosi ndi ziphuphu za zitumbuwa, ndipo ndewu zambiri za panjira yobwerera kunyumba zimayambira pamenepo.

Pali malire ake. Mukatsegula khomo limeneli mudzamva zina zolemera: mwana wogwiriridwa, womenyedwa mpaka mabala, wokakamizidwa banja, kapena wonena kuti kuli bwino atangofa. Zimenezi musazisenze nokha ndipo musalonjeze mwana kuti simuuza aliyense. Muuzeni kuti muuza munthu amene angathandize, ndipo mumutchule munthuyo. Dziwitsani ahedi tsiku lomwelo, gwiritsani ntchito amayi a Mother Group, wa zachitetezo cha ana wa m'dera lanu, apolisi a Victim Support Unit, kapena imbani nambala yaulere yothandiza ana ya 116. Mawu onena za kudzipha musawatenge ngati chibwana ngakhale atanenedwa moseka. Aphunzitsi a m'maboma a kummwera amene analandiranso ana pambuyo pa namondwe wa Freddy mu 2023 angakuuzeni kuti mwana amene waona zoopsa sachira ndi kupuma kasanu. Wina amangoti duu, wina amadzidzimuka mvula ikayamba kugunda pa malata, ndipo oterewa amafunika a zaumoyo.

Kwa ahedi anu, pemphani zinthu ziwiri. Choyamba, aphunzitsi nonse mugwirizane pa zochita zochepa zofanana, chifukwa mwana amene mwamuphunzitsa kunena kuti "ndakhumudwa" akakalandira mbama pa mawu omwewo m'kalasi yoyandikana nayo, sadzawanenanso. Chachiwiri, phunziroli lisakhale ndi mayeso akeake. Muziwerenga ndewu pa sabata, ojomba, ndi ana amene abwera okha kudzakuuzani vuto. Nambala yachitatuyi ikamakwera musadandaule, ndiye kuti akukukhulupirirani.

Makolo a mnyamatayo muwaitane, koma mosamala, chifukwa kalata ya kusukulu m'makomo ambiri imatanthauza chikwapu china madzulo. Tumizani uthenga wapakamwa woti mukufuna nzeru zawo, osati woti mwana wapalamula. Akabwera apatseni mpando, yambani ndi chinthu chimodzi chabwino chimene mwanayo amachita, ndipo chikhale choona. Kenaka funsani amene akukhala naye, ngati pasintha kanthu pakhomo miyezi yapitayi, komanso amene mwanayo amamumvera kwambiri. Kawirikawiri amakhala agogo aakazi kapena amalume, ndipo ulendo wachiwiri muitane ameneyo.